Ndalama za Mbale za Galamafoni Zinapita Kuti?

Abale anga a ku Benoni, Brakpan, Springs ndi Boksburg, sabata ino ndifuna tikambe za ndalama za nyimbo. Ndiona anyamata ambiri a kwathu okhala ku Tembisa ndi Daveyton akujambula nyimbo zao, ndipo ena angozisiya m'manja mwa mwini situdiyo popanda kalata iri yonse.

Kale, migodi ya golide ya kuno isanatsekedwe, munthu wa Wenela pobwerera ku Nyasaland sanali kupita chimanjamanja ai. M'bokosi mwake munali bulangeti ndi suti, ndipo wochenjera ananyamulanso galamafoni ndi mbale zake. Tsono ndalama za anchito a m'makomponi ndi m'malokeshoni zinali kulowa ndithu m'makampani a nyimbo a ku Joni. Nanga woimba analandirapo zingati?

Mwambo wa masiku amenewo unali kulipira woimba kamodzi kokha, basi. Solomon Linda anajambula Mbube kwa Gallo mu 1939, napatsidwa masheleni 10. Mu 1961 gulu la The Tokens ku America linaiimba m'Chingerezi, ndipo inalemeretsa anthu amene Linda sanawaonepo. Iye anamwalira mu 1962 ali mmphawi. Ana ake anachita kupita ku bwalo la milandu, ndipo nkhani inatha mu 2006, patapita zaka 44 mwini nyimbo ali m'manda.

Spokes Mashiyane, woliza chitoliro cha kwela, anachita mwai. Polowa kwa Gallo mu 1958 anapangana kuti azilandira gawo lake pa mbale iri yonse yogulidwa. Kwela yomweyo ndiyo inatchukitsa Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka.

Lero mbale kulibe, nyimbo zingoyenda pa foni kwaulere, ndipo ndalama ziri ku maukwati, ku maholo ndi ku wailesi. Za ku wailesizo siziperekedwa pamanja. Zidzera ku bungwe la SAMRO, limene linayamba mu 1961, ndipo kwathu zidzera ku COSOMA, ya mu 1992. Amene sanalembetse nyimbo yake sadziwika kumeneko, ngakhale ilire usana ndi usiku.

Chotero ine nditi, musanaimbe ndi liu limodzi lomwe m'situdiyo, funsani kuti nyimbo ikatha idzakhala ya yani. Yankho lilembedwe pa pepala, asaine nonse awiri pamaso pa mboni, ndipo pepala lanu mulisunge pamodzi ndi pasipoti.