Mlangizi Aziwerenganso za Mlimi, Osati za Mbewu Zokha

Alangizi anzanga a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ambiri a ife timadziwa pamtima kutalikirana kwa mizere ya chimanga, mlingo wa feteleza pa phando lililonse ndi nthawi yoyenera kupalira. Zimenezi tidaziwerenga m'mabuku a malangizo, ndipo mabukuwo ndi ofunika. Koma mulibe tsamba lofotokoza chifukwa chimene mlimi amavomera zonse pa munda wachitsanzo, kenaka n'kukachita zina kumunda kwake. Maganizo anga ndi akuti yankho lake lili m'mabuku a nthano ndi a mbiri, amene ambiri tidatsazikana nawo tsiku limene tidamaliza mayeso a kusekondale. Poti zokonda sizifanana, ndasankha mabuku angapo molingana ndi mtima wa wowerenga.

Wokonda nthano ayambe ndi When Rain Clouds Gather, buku la Bessie Head la mu 1968. Nkhani yake ikuchitikira m'mudzi wa Golema Mmidi ku Botswana. Gilbert, Mngelezi wodziwa zaulimi, adakhazikitsa kale bungwe logulitsira ng'ombe, ndipo tsopano akufuna kuti anthu adzale fodya. Nzeru ali nazo, koma ntchitoyo siingayende popanda amayi, pakuti amuna amakhala ku ziweto ndipo khasu lili m'manja mwa akazi. Amene akuwaphunzitsa amayiwo ndi Makhaya, wothawa tsankho ku South Africa, pamene mfumu Matenge ikuona chitukukocho ngati choilanda mphamvu. Mlangizi aliyense adzawazindikira anthu amenewa, chifukwa m'dera lake alimo.

Amene adawerenga Things Fall Apart, buku la Chinua Achebe la mu 1958, pofuna kukhoza mayeso okha, alibwereze ndi maso a mlangizi. Okonkwo sadalandire nkhokwe kwa bambo wake, choncho adakabwereka mbewu ya zilazi 800 kwa munthu wachuma dzina lake Nwakibie. Chaka chimenecho mvula idachedwa, itabwera idadukiza dzuwa n'kuwotcha mbewu, ndipo pomaliza idagwa yosalekeza. Alimi akhama amene adadzala msanga ndiwo adayamba kulira. Wowerenga chigawo chimenechi sadzadabwanso kuona mlimi wa mbewu ya ngongole akuopa kuyesa njira yatsopano.

Wokonda mbiri ali ndi mabuku atatu. Loyamba ndi The Story of an African Famine, limene Megan Vaughan adalemba mu 1987 pa njala ya mu 1949 m'dera la Blantyre. Iye sadadalire makalata a boma okha, koma adamvetseranso nyimbo zimene amayi ankayimba pamtondo, zodandaula amuna amene adapita kukasaka chakudya osabwereranso. Phunziro lake ndi lakuti njala siigwa mofanana pa anthu a nyumba imodzi, ndipo wowerengera matumba a banja lonse angathe osaona amene akugona ndi njala.

Lachiwiri ndi Cotton is the Mother of Poverty, la Allen Isaacman, la mu 1996. Likufotokoza za ulimi wa thonje wokakamiza umene Apwitikizi adaika pa anthu a ku Mozambique kuyambira 1938 mpaka 1961. Anthu ankasiya minda ya chakudya kuti alime thonje logulitsa pa mtengo wochepa, ndipo ena ankayamba aphika njere zake asanadzale kuti zisamere. Munthu wobwera ndi lamulo la kadzalidwe adasiya chipsera m'midzi yambiri ya chigawo chathu chino, ndipo ife timayenda m'njira zomwezo zimene iye ankayendamo. Nkoyenera kudziwa chifukwa chake agogo ena amatilandira mokayika.

Lachitatu ndi Maize and Grace, la James McCann, la mu 2005. Bukuli likutikumbutsa kuti chimanga ndi mlendo amene adachokera ku America chitapita chaka cha 1500, n'kukankhira pambali mapira ndi mawere pang'ono ndi pang'ono. Mulinso nkhani ya SR52, chimanga cha haibulidi chimene chidatulutsidwa mu 1960 ku Southern Rhodesia, kumene lero ndi ku Zimbabwe. Wodziwa kuti nsima ya chimanga siidayambe ndi chilengedwe sachita manyazi kulimbikitsa mapira kapena chinangwa kumene mvula ndi yochepa.

Wokonda chilankhulo chathu afunefune Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, lofotokoza moyo wa Mchewa kuyambira kubadwa mpaka ufumu. Pali Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe, ndi Nzeru za Kale la Stevenson Kumakanga, lodzaza ndi miyambi. Anzathu a ku Zambia ali ndi Fumbi Khoboo! la Julius Chongo, yemwe nthano zake zinkamveka pa wailesi m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo. Ambiri tidaphunzira zaulimi m'Chingerezi kapena m'Chipwitikizi, ndipo pamsonkhano wa m'mudzi mawu athu amatuluka owuma ngati mapesi. Mabuku amenewa amabwezera mkamwa mwathu mawu amene mlimi amawamva ndi mtima.

Wolimba mtima, amene saopa kudzudzulidwa, atenge Rural Development: Putting the Last First, buku la Robert Chambers la mu 1983. Chambers akuti akatswiri oyendera midzi sachoka patali ndi msewu wa phula, amakonda kuyenda m'chilimwe pamene njira zili zouma ndi nkhokwe zodzaza, ndipo amacheza ndi amuna ndi anthu opeza bwino okhaokha. Motero osaukitsitsa, ndiponso masiku a njala a m'dzinja, sizioneka m'malipoti awo. Ndi buku lowawa, koma limasintha kayendedwe ka munthu.

Wofooka ndi ntchito awerenge The Boy Who Harnessed the Wind, la mu 2009, limene William Kamkwamba adalemba pamodzi ndi Bryan Mealer. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu kwawo ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamatayu adabwereka buku m'kanyumba kowerengeramo, n'kupanga makina a mphepo otulutsa magetsi kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Masamba ofotokoza njalayo ndi umboni wa munthu amene adaiona ndi maso.

Ena adzati mlangizi alibe nthawi, mabuku ndi okwera mtengo, ndipo nthano siiphera mbozi m'chimanga. Zonsezi ndi zoona. Nthano singalowe m'malo mwa buku la malangizo, ndipo palibe amene akupempha zimenezo. Koma malangizo abwino amene mlimi wawakana sakolola kanthu, ndipo mtengo wa kukanako amaulipira ndi ana ogona ndi njala mu Febuluwale. Za nthawi, pakati pa kukolola ndi kusosa pamakhala madzulo angapo opuma. Za mtengo, alangizi asanu a dera limodzi atasonkherana angagule buku limodzi n'kumapatsirana, ndipo atamaliza akhale pansi n'kufunsana kuti Matenge wa kwawoko ndani, nanga Paulina Sebeso, mayi amene adatsogolera anzake ku Golema Mmidi, angapezeke m'mudzi uti.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Sankhani buku limodzi, makamaka lochokera kutsidya kwa malire a dziko lanu, ndipo muliwerenge mvula yoyamba isanagwe.