Ulendo wa chaka chino ukhale wa ku Ntchisi



Tikamakamba za ulendo wa sukulu, ambiri timangoganiza za kunyanja ku Salima. Ife tikuti chaka chino tikwere mapiri. Nkhalango ya Ntchisi ndi imodzi mwa nkhalango zowirira zochepa zimene zatsala m'Malawi muno, ndipo kale Achewa ankabisalamo pothawa nkhondo za Angoni. M'zigwa zake zakuya, timitsinje timatsetsereka pamiyala kulowera kunyanja.

Mwana akaime m'chigwa chotere, akhudze madzi ozizirawo, ndiye pobwerera aone mapiri ena a ku Dowa amene ametedwa mpala chifukwa cha nkhuni ndi makala. Adzamvetsa yekha chimene chimaumitsa zitsime mu Okutobala, mpaka madzi a wudhu kusowa. Zapabolodi amaiwala, koma izi sadzaiwala.

Nkhawa zanu tikuzidziwa: ndalama ya basi, swala komanso atsikana. Tiyambe kusonkha pang'onopang'ono temu ino. Zuhri tikaswalira komweko. Atsikana asatsale, amayi angapo awaperekeze. Tipite mvula isanagwe, msewu usanayambe kuterera.

Dziko ndi amana imene Allah anatisungitsa. Ana akaione ndi maso awo, Insha Allah.