Amene mukufuna chigawo cha mtundu wanu, tiuzeni mlendo adzakhala ndani

Sabata yatha m'minibasi yochokera pa Kamwendo kupita ku Boma, bambo wina anatitsekula m'makutu ndi mapu a pa foni yake. Akuti Achewa a ku Mchinji, Kasungu, Lilongwe, Katete ndi Tete akhale ndi chigawo chawochawo chodzilamulira, ndiye mavuto atha. Ena anaombera m'manja. Ine ndikukana, ndipo ndikufuna mumve chifukwa chake.

Madandaulo ake ndi oona, sinditsutsa. Malire a pa Mwami anadula mabanja pakati popanda kufunsa agogo athu. Chaka chilichonse mu Ogasiti timawoloka kupita ku Mkaika kukalamba kwa Kalonga Gawa Undi ngati tikupita kwa eni, chonsecho ndi kwathu. Fodya, soya ndi mtedza zimachoka kuno, koma ndalama yokonzera kamlatho kakumudzi imadikira siginecha ya ku Capital Hill. Zimapweteka, inde. Koma mankhwala amene akutipatsawa ena anamwapo kale.

Mu Ogasiti 1990, Aserbia okhala m'dziko la Croatia anatseka misewu ndi zipika kufupi ndi tauni ya Knin. Mantha awo sanali opeka: makolo awo ambiri anaphedwa ndi boma la Ustaše pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mu Disembala chaka chomwecho analengeza chigawo chodzilamulira cha Krajina, motsogozedwa ndi Milan Babić, dokotala wa mano. Patangotha chaka anati tsopano ndi dziko paokha. Chotsatira? Anansi awo Achikroati anathamangitsidwa m'midzi yomwe anabadwira, ena kuphedwa. Kenako mu Ogasiti 1995 asilikali a Croatia analanda Knin, ndipo Aserbia oposa 150,000 anathawa pa mathirakitala, kusiya nyumba ndi manda a makolo. Babić anavomera mlandu ku khoti la ku The Hague mu 2004, nalamulidwa zaka 13. Chigawo chomwe amati chiteteza mtundu ndi chomwe chinausamutsa.

Mudzati, “Aaa, izo ndi za azungu, ife ndife anthu amtendere.” Chabwino. Tiyeni tijambule mapuwo kuno kwathu. Kwa Mlonyeni ndi kwa Zulu kuli Angoni, amene mu Febuluwale amapita ku Mtenguleni ku Nc'wala ya Mpezeni. Amenewa muwaika pati? Nanga Mlomwe amene bambo ake anabwera kudzagwira utenanti pa esiteti, iye n'kubadwira konkuno, n'kukwatira konkuno? Nanga mphunzitsi wa ku Rumphi amene waphunzitsa ana athu zaka makumi awiri? Mukangolemba dzina la mtundu pa chikwangwani cha boma, onsewa asanduka obwera. Ndipo obwera, tikudziwa tonse, ndi amene amayamba kulozedwa chala malo olima akachepa. Mu 1989 aphunzitsi a kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo. Bala limenelo mpaka lero silinapole.

Tsidya linali nkhani yake ndi yomweyo. Pangano la Barotseland linasainidwa ku London mu Meyi 1964, ndipo boma la Kaunda linalifafaniza mu 1969. Alozi analakwiridwa, palibe wokana. Koma nkhani yodzipatula itakula mu 2012, ena mwa Ankoya okhala m'chigawo chomwecho anati ife ayi. Mtundu uliwonse wodandaula uli ndi kamtundu kena m'khwapa mwake kamene kakuuopa.

Tsono sindikuti tikhale chete ayi. Amene anadzutsa nkhani ya boma la zigawo mu 2014 anafunsa funso labwino: n'chifukwa chiyani zonse zimathera ku Lilongwe? Yankho tili nalo kale m'malamulo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linapereka mphamvu ku makhonsolo. Koma kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ife tili phee. Ndi angati m'gulu muno amene anapitako ku msonkhano wa khonsolo yawo? Ndi angati akudziwa kuti ndalama za CDF za dera lawo zinagula chiyani chaka chatha? Timalimba mtima kujambula dziko latsopano pa foni, koma kufunsa khansala za mjigo wowonongeka tikuopa.

Mphamvu zibwere ku Mchinji, ndikuvomera ndi manja awiri. Koma zibwere kwa aliyense wokhala ku Mchinji, osafunsa mfunda wake. Gule tivine, ku Mkaika tipite, Ingoma igundidwe; zimenezo sizifuna nduna kapena mbendera.

Ndipo inu olemba anzanga, samalani ndi ndakatulo zotamanda “eni nthaka”. Ku Krajina zisanafike zipika pamsewu, kunayamba mawu okoma ngati amenewa. Amene mukutsutsana nane, bwerani m'makomenti, koma muyambe mwayankha funso langa: m'chigawo chanucho, mlendo adzakhala ndani?