Legeni ija ndinaisiya ku Dedza

Achimwene atamva pa foni kuti ndagula thumba la mtedza lodyetsera mbalame, anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe amene unkatha mpheta ndi legeni, lero ukuzigulira chakudya?" Atatha kuseka anandikumbutsa kuti feteleza wobereketsa sanagulebe. Apo ndinasowa chonena.

Koma tamverani mmene zilili kuno ku Leeds. Mu December dzuwa limatuluka 8 koloko itadutsa kale, ndipo isanakwane 4 koloko madzulo kwayamba kuda. Nthaka imauma gwa ndi chisanu, nyongolotsi sizikumbika, tizilombo timabisala. Kambalame kotchedwa blue tit kamalemera magalamu pafupifupi 11 okha, koma kamayenera kupirira usiku wa maola oposa 16 pogwiritsa ntchito timafuta tomwe kasonkhanitsa masana. Kakagona ndi njala, m'mawa sikadzuka. Anamzeze ndiwo ochenjera: amathawa kusanazizire, ndipo ena mwa omwe mukuwaona kumudziko nthawi ya mvula ino achokera kuno ku Ulaya.

Ndiye anthu amapachika timabotolo ta mbewu za mpendadzuwa, mtedza ndi mafuta a ng'ombe kuseri kwa nyumba. Mtedzawo usakhale wamchere, komanso usakhale wachuku. Poizoni wa aflatoxin, yemwe alimi a mtedza kwathu amamudziwa bwino chifukwa wakhala akutitsekera misika, amaphanso mbalame. Madzi nawo amaundana usiku, choncho m'mawa uliwonse ndimaswa ayisi m'kambale ndisanapite ku ntchito.

Chomwe ambiri sachilabadira n'kutsuka. Mbalame zikamadyera malo amodzi auve zimapatsirana matenda a trichomonosis, omwe kuyambira cha m'ma 2005 apulula mbalame za mtundu wa greenfinch m'dziko muno. Ine ndinapezapo imodzi itafufuma nthenga pansi pa botolo, ikulephera kumeza. Ndinachotsa zonse, n'kutha milungu ingapo osaika kanthu. Ngati munthu sangathe kutsuka sabata iliyonse, kuli bwino asayambe n'komwe.

Kumapeto kwa January kuli kalembera wa bungwe la RSPB, yemwe anayamba mu 1979: umakhala pa windo ola limodzi n'kumawerenga mbalame zomwe zatera. Ine ndidzakhala nawo, kapu ya tiyi ili m'manja.

Ndalama ya feteleza ndinatumiza Lachisanu. Achimwene atailandira anangofunsa ngati mbalame zangazo zanona kale, ati chifukwa iwo ndiwo zawasowa.