Mukuti mulamula, mulamulira ndani?

Liwu lakuti kulamula labedwa, ndipo akuba ake akuyenda nalo masana. Imani pa steshoni ya mabasi kapena pamsika m'mbali mwa Great East Road, kuyambira ku Lusaka mpaka ku Chongwe. Simuchedwa kumva mnyamata akudziguguda pachifuwa: "Ndife tilamula pano." Ena amati "tikontolola." Tanthauzo lake ndi limodzi: wofika alipire, wofunsa amenyedwe. Ine ndikukana, anzanga. Kumeneko ndi kulanda, ndipo kulanda ndi kulamula amangofanana poyambira.

Taonani abale a liwuli. Pali lamulo, lomwe limamanga aliyense, ngakhale amene analipanga. Pali kulamula mlandu: mfumu imakhala pabwalo ndi nduna zake, imamva wodandaula, imamva woyankha, kenako imagamula kuti anthu abwerere kwawo akupatsana moni. Palinso kulamulira. Mvetserani mmene likuthera. Mayi amaphikira ana, mkamwini amalimira apongozi, mdzukulu amatungira agogo madzi. Nthawi zonse pamakhala munthu amene ntchitoyo ikumupindulira. Ndiye amene mukuti mulamula, mulamulira ndani?

Wina anena kuti ndikukokera galamala kumbali yanga. Chabwino, tiyeni ku lamulo lolembedwa. Lamulo la nthaka la 1995 limati nthaka yonse ya Zambia ili m'manja mwa Pulezidenti, koma amaisunga m'malo mwa anthu a Zambia. Ngakhale iye ndi wosungira chabe. Malo a mwambo asanasanduke a taitolo ya zaka 99, mfumu ya deralo iyenera kuvomera, khonsolo nayo iikepo dzanja. Koma Lusaka ikusefukira kum'mawa, yadutsa bwalo la ndege la Kenneth Kaunda, yafika ku Silverest, ikuyang'ana Chongwe. Kumene kwafika njala ya mapuloti kwafikanso amuna a chingwe ndi zikhomo. Amayeza munda wa eni ake, puloti imodzi n'kuigulitsa kwa anthu awiri kapena atatu. Mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, yakhala ikudandaula poyera za kugulitsa malo mwachinyengo. Tsiku limene ogula akumana pa puloti imodzi, aliyense ndi pepala lake, foni ya "wolamula" uja imakhala yozima.

Ku msika ndi ku steshoni nkhani ndi yomweyo. Lamulo la 2007 la misika ndi masteshoni a mabasi silitchula makada a chipani kuti azitolera ndalama. Komabe kwa zaka zambiri, pa Intercity ndi pa City Market ku Lusaka, dalaivala ndi mayi wogulitsa tomato ankalipira anyamata ovala zovala za chipani cholamula. Khalidweli silinayambe ndi chipani chimodzi, linkangosintha mtundu wa chipewa. Pa 12 August 2021 achinyamata anaima pa mizere italiitali kukavota, ndipo Pulezidenti Hakainde Hichilema atalowa analengeza kuti makada achoke m'misika ndi m'masteshoni. Kulengeza kumachotsa munthu pa geti. Liwu limatsala m'kamwa, kudikira wina woti alitole. Bola mwana wa giredi seveni akuganiza kuti wolamula ndi amene amadya osagwira ntchito, geti lija lidzapeza mwini watsopano.

Mukafuna kuyesa wolamula weniweni, muyeseni ndi mtsinje wa Chongwe. Zaka zina, mvula ikavuta, mtsinjewu umaphwa m'miyezi yotentha, mipopi ya m'tauni n'kuuma, amayi ndi ana n'kumayenda ndi zigubu. Kumtunda kuli mafamu othirira mbewu ndi madamu. Kuli bungwe la WARMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2011, lomwe limapereka zilolezo zopatutsa madzi. Apa ndiye pofunika munthu wolamula mlandu: famu itenge angati, tauni itsalire angati, ng'ombe za kumunsi zimwe kuti. Kodi munamuonapo mnyamata wa "tilamula pano" akuthamangira mlandu umenewu? Sangayerekeze. Mulibe ya m'thumba, muli mafunso okhaokha.

Asoli, eni nthaka ino, amationetsa chaka ndi chaka pa mwambo wa Chakwela Makumbi, dzina lonena za kukoka mitambo. Mvula isanayambe, mfumu imapempha mvula m'malo mwa anthu ake, imayatsa moto pamunda, imabzala mbewu zoyamba. Nkomeshya Mukamambo II anakhala pa mpando mu 1971, ndipo ntchito imeneyi ndi ya mpandowo. Wamkulu wa onse ndiye amayamba kugwira dothi, ndipo mitambo ikakana, maso onse amayang'ana iye. Akale anati mutu ukakula sulewa nkhonya. Kada amafuna mutu waukulu, nkhonya zigwere ena.

Ndikudziwa yankho la m'komboni: "Ntchito kulibe, tidye chiyani?" Njala ndi yoona, sindikuitsutsa. Koma taonani amene mukumudya. Ndi mayi wa chiwawa ndi repu amene wadzuka usiku kukapikula. Ndi kondakita, mnzanu wa kusukulu. Ndi mphunzitsi amene watenga loni kuti agule puloti. Bwana amene amakutumani mwana wake sali pa geti ndi inu, ali ku koleji. Zinthu zikatembenuka, wogona m'selo ndinu. Ndiye pamenepo akulamula ndani, akulamulidwa ndani?

Liwuli tilibweze kwawo. Wapampando wa komiti ya msika amene amaonetsa malisiti akulamula. Refu wa mpira wa m'komboni amene amapereka penoti ku timu ya mlamu wake ndi ya adani mofanana akulamula. Mtsikana amene amakhala pa msonkhano wa wadi n'kufunsa kuti ndalama za CDF, zimene zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, zagula chiyani, ameneyo wayamba kulamula. Wina akakuuzani kuti "ndife tilamula pano," mufunseni zitatu: lamulo lake ndi liti, risiti ili kuti, zikavuta tidzakupezani kuti? Akasowa choyankha, muitaneni ndi dzina lake. Ndi wolanda.