Lamya Nayo Imadwala, Ndipo Imaulula Zinsinsi za Odwala

M'makomboni a Kapata, Mchini ndi Navutika ku Chipata, lamya ya m'manja tsopano ndiyo cikwama ca banja. M'menemo muli ndalama za Airtel Money kapena MTN MoMo zosungira mankhwala a BP ndi shuga, zithunzi za mapepala a kucipatala, ndiponso mauthenga a pa WhatsApp onena za tsiku lokatenga ma ARV. Koma anthu omwewo amene amakhoma citseko usiku amasiya lamya yosakhoma pa tebulo, kuti aliyense aitole.

Kacilombo ka m'lamya sikali ngati ka cimfine, ndipo sikalowa m'thupi la munthu. Ndi pulogalamu yoipa imene akathyali anailemba kuti izibisala m'kati. Nthawi zambiri imalowa pamene mwini aika zinthu zosacokera ku Play Store, monga GB WhatsApp imene anyamata amapatsana pa Xender, kapena pamene atsegula link yolonjeza ma bundle aulere. Lamya imayamba kutentha, batire litha msanga, ma bundle asungunuka, ndipo zotsatsa malonda zitulukira zokha. Zizindikilo zina mwa izi zingabwerenso cifukwa batire lakalamba, koma zikayamba mwadzidzidzi pambuyo poika pulogalamu yatsopano, pulogalamuyo iyenera kucotsedwa tsiku lomwelo. Tuzilombo twina timatha kuwerenga ma SMS, kuphatikizapo manambala a cinsinsi ocokera ku banki.

Komabe mbala zambiri sizibvutika ndi kacilombo. Zimagwiritsa nchito mantha. Mai alandira lamya yakuti mwana wao wakomoka kusukulu, ali kucipatala, ndipo adokotala afuna ndalama msangamsanga. Mtima ukakwera, nzeru zimathawa. Mai wotero ayenera kudula lamyayo ndi kuimbira aphunzitsi kapena wacibale pa nambala imene aidziwa kale. Mphindi ziwiri zofunsira sizipha wodwala. Wanchito weniweni wa Airtel, MTN kapena Zamtel safunsa PIN ya munthu, ndipo manambala 6 amene WhatsApp imatumiza sayenera kuuzidwa munthu aliyense, ngakhale amene adzicha mlamu kapena m'busa.

Asaganize wina kuti awa ndi anyamata ocenjera a pamsika cabe. Mu April 2024 a Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi anagwira anthu 77 ku Roma mu Lusaka, napeza ma SIM card oposa 13,000. Mu June caka comweco anthu 22 a ku China anawagamula kukhala m'ndende pa mlanduwo. Imeneyo inali kampani, yokhala ndi anchito ndi makompyuta.

Bvuto limene silikambidwa kwambiri ndi la cinsinsi ca matenda. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika nkhani za umoyo wa munthu pakati pa zinthu zofunika kusamalidwa koposa, koma lamulo silikhala m'nyumba. M'nyumba lamya imodzi imayenda m'manja mwa atate, amai, ana ndi wa lendi wobwereka kuti aimbe. Mayi amene sanakonzeke kuuza apongozi za matenda ace angaululidwe ndi uthenga umodzi woonekera pa galasi. Ena akatero amaleka kupita kukatenga mankhwala cifukwa ca manyazi, ndipo pamenepo nkhani ya lamya yasanduka nkhani ya moyo. N'cifukwa cace anamwino, pamene alemba nambala ya wodwala, ayenera kufunsanso ngati lamyayo ndi yace yekha. Funso limeneli silidya ndalama ya Boma.

Lamya iyenera kukhala ndi PIN yosakhala caka cobadwa kapena 1234, ndipo mauthenga asamaonekere pamene ili yokhoma. Pa WhatsApp pali two-step verification, imene mwana wa sukulu angathandize makolo kuika, bola PIN asankhe makolo okha. Ikapita kwa wokonza kumsika, SIM ndi memory card zitsale kunyumba. Ikabedwa, mwini athamangire ku ofesi ya kampani ndi NRC yace kukatseketsa nambala, asanayambe kulira za zithunzi. Nambala ya wakuba amene watumiza uthenga wabodza ingaperekedwe ku ZICTA poimba *707#.