Mpingo ukafika pamphambano, njira tifunse ndani?

Lamulungu lapitali, mapemphero atatha, abusa athu anapempha kuti pasapezeke wothamangira kunyumba. Tinatuluka m'tchalitchi n'kukakhala pansi pa mitengo ya mango, amayi pamphasa uku, abambo pamabenchi uko, achinyamata ataima kumbuyo ngati anthu ofuna kuthawa. Popeza ndine mphunzitsi, cholembera chinagwera ine monga mwa nthawi zonse. Kwathu kuno kunyanja, kufupi ndi Chintheche, mphunzitsi ndiye mlembi wa chilichonse, kuyambira komiti ya mjigo mpaka ya maliro.

Nkhani inali ya ndalama zomwe takhala tikusonkha kwa zaka zitatu kudzera m'mapepa Sande, zopereka zapadera ndi zomwe amatumiza ana athu a ku Joni. Koma abusa sanayambe ndi ndalamazo. Anafunsa kuti: "Kodi mpingo uno mukufuna udzakhale wotani zaka khumi zikubwerazi?" Panali zii. Za ndalama tinabwera titakonzekera, koma funso ili linatidzidzimutsa.

Oyamba kuyankha anali akuluakulu a mpingo. Iwo anati tchalitchi chathu chakalamba, malata achita dzimbiri, mvula ikagwa amayi a kwaya amasuntha mabenchi. Anati timange chachikulu, cha matailosi ndi mpanda, choti munthu wodutsa pamsewu wa M5 azidziwa kuti pano pali mpingo. Anakumbutsanso kuti mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'minda ndi m'malo ogona alendo, choncho chomangacho chikhale pamtunda. Mfundo yawo inali yomveka ndipo palibe anaitsutsa.

Achinyamata anati iwo akufuna kiyibodi, zokuzira mawu ndi sola, chifukwa anzawo akuthawira ku mipingo ya m'matenti komwe kuimba kumagwedeza mtima. Amayi a Umanyano anati ndalamazo zina zipite kwa odwala, amasiye ndi okalamba omwe akugona ndi njala pomwe chinangwa chavuta. Aliyense anakoka chingwe kumbali yake, mawu anayamba kukwera, ndipo ine ndinasiya kulemba.

Apa m'pamene gogo wina wachizimayi, yemwe sakonda kuyankhula pagulu, anakweza ndodo yake. Anati: "Aphunzitsi, inu mumadziwa kuwerengetsa. Tawerengani anthu omwe sali pano. Nyumba yaikuluyo tikumangira ndani?"

Ndinayang'ana gulu lonse ndipo ndinaona zomwe gogoyo amanena. Asodzi panalibe. Iwo amakhala panyanja usiku wonse ndi nyali ndi chilimira kusaka usipa, ndipo nthawi yomwe belu likulira amakhala akungofika kumene padooko, matupi ali lefu. Amayi ambiri ogula nsomba panalibenso, anali kumathandala kuyanika usipa usanaonongeke. Abambo a zaka zanga, omwe tinkaimba nawo kwaya tili anyamata, ambiri ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Atsikana omwe anadulidwa atatenga pathupi panalibe. Ophunzira anga a Fomu 3 ndi Fomu 4 ndinawawerenga ndi zala za dzanja limodzi. Tinali kukonza tsogolo la mpingo popanda anthu omwe tsogololo ndi lawo.

Abale anzanga, nkhani imeneyi si yachilendo m'dera lathu lino. Amene amaphunzitsa mbiri yakale ngati ine amadziwa kuti tinapunthwapo kale pamwala womwewu. Amishoni a Livingstonia ochokera ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875, ndipo malungo atawavuta anasamukira ku Bandawe mu 1881 motsogozedwa ndi Dr Robert Laws. Manda a ena mwa iwo akadalipo ku Old Bandawe mpaka lero. Makolo athu Achitonga analandira sukulu ndi manja awiri, kotero kuti pomwe likulu la mishoni limasamukira ku Khondowe mu 1894, dera lino linali litadzaza kale ndi ana odziwa kuwerenga ndi kulemba.

Koma anthu atachuluka, khomo la mpingo linachepa. Munthu wofuna ubatizo ankakhala m'makalasi zaka ndi zaka akudikira, ndipo amishoni oyesa anthuwo anali owerengeka. Eliot Kamwana, yemwe anaphunzira ku Bandawe ndi ku Khondowe, anasiya sukulu mu 1901 posagwirizana ndi zolipiritsa fizi. Atabwerako ku South Africa chakumapeto kwa 1908 ndi chiphunzitso cha Watch Tower, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 m'miyezi yowerengeka chabe, mpaka boma la atsamunda linamuchotsa m'dziko muno mu 1909. Anthu onsewo sanathawe chifukwa tchalitchi cha ku Bandawe chinali chodontha. Anatopa kudikira pakhomo popanda wowafunsa zomwe zinali mumtima mwawo.

Chitsanzo china ndi cha m'busa Yesaya Zerenje Mwasi. Iyeyu anali mmodzi mwa Amalawi atatu oyamba kudzozedwa ubusa mumishoni ya Livingstonia mu 1914, pamodzi ndi Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa. Taganizani, panapita zaka 39 chifikireni amishoni kuti mwana wa kuno aloledwe kugawa mgonero. Mu 1933 Mwasi anachoka n'kuyambitsa mpingo wakewake, podandaula kuti Akhristu akuda sankapatsidwa mpata woyendetsa zinthu zawo. Sindikunena kuti Kamwana kapena Mwasi analondola pa zonse. Ndikungoti mpingo womwe unatibweretsera sukulu ndi chipatala unataya ana ake ena anzeru chifukwa unkachedwa kumva.

Ngakhale ulendo wa ku Joni si wa lero. Clements Kadalie wa ku Chifira, kuno kwathu konkuno, anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Patha zaka zoposa zana limodzi amuna a dera lino akupita kummwera, koma mpingo wathu sunakhalepo pansi n'kudzifunsa kuti munthu yemwe ali kutali timamuweta bwanji. Timamukumbukira pepa Sande ikayandikira, kapena tsiku lomwe bokosi lake lafika pagalimoto. Mayi yemwe wasiyidwa ndi ana anayi kwa zaka zisanu, timamuona pokhapokha wapalamula mlandu wofika ku sesheni.

Pano ndiyenera kudziloza chala ndekha. Zaka ziwiri zapitazo mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, yemwe ankaimbanso kwaya, anatenga pathupi. Kumpingo anadulidwa monga mwa mwambo. Atachira, sukulu inamulandiranso, pakuti kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana wotere kubwerera m'kalasi. Ndimamuphunzitsa tsiku ndi tsiku, ndimachonga makope ake, koma sindinamufunsepo n'kamodzi komwe chifukwa chomwe sanabwererenso kutchalitchi. Njira yobwerera ilipo, malamulo a mpingo amaipereka, koma palibe wa ife anapita kwawo kukamuuza kuti malo ake akadalipo. Mnyamata yemwe anamupatsa pathupiyo anakwera basi ya ku Joni, ndipo ndalama zake zina mwina zili m'thumba lomwe tinkakanganiranalo. Gogo uja atati ndiwerenge osowa, nkhope yoyamba kundibwerera inali ya mwana ameneyu.

Ndiye kodi mpingo umadziwa bwanji komwe Mulungu akuutsogolera? Ambiri timaganiza kuti ndi ntchito ya abusa ndi akulu a mpingo, ife tingolandira zolengeza. Ena timaganiza kuti ndi kukweza manja basi, ochuluka apambane. Koma kukweza manja kumangosonyeza maganizo a omwe abwera, ndipo kawirikawiri manja amatsata munthu yemwe anapereka matumba ambiri a simenti. Amene amawerenga buku la Machitidwe a Atumwi akumbukira kuti m'mutu 6 munabuka dandaulo loti amayi amasiye a gulu lina ankaiwalidwa pogawa chakudya. Atumwi sanakane dandaulolo kapena kulitcha kugalukira. Anaitanitsa gulu lonse, nkhani inakambidwa poyera, ndipo panasankhidwa amuna asanu ndi awiri oti ayang'anire ntchitoyo. Udikoni womwe tili nawo lerowu ambiri amauona kuti unachokera pamenepo, pa dandaulo la anthu oiwalidwa.

Anzathu a Katolika nawonso ali ndi zoti atiphunzitse. M'zaka za m'ma 1970, Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe analimbikitsa miphakati, kuti Akhristu oyandikana nyumba azikumana, kupemphera ndi kuthandizana komwe amakhala, osadikira wansembe yekha. Posachedwapa, kuyambira mu 2021 mpaka 2024, Papa Francis anayendetsa sinodi yomwe gawo lake loyamba linali kumvetsera Akhristu wamba m'maparishi. Mnzanga wina wa Katolika yemwe timaphunzitsa limodzi anandiuza kuti chovuta kwambiri pa zokambirana zawo chinali kukhala chete mnzako akuyankhula, osayamba kukonza yankho m'mutu. Ndinaseka, chifukwa ndi matenda omwewo omwe anatigwira pansi pa mango paja.

Ena anena kuti mpingo si chipani choti uzitsata zofuna za anthu, ndipo n'zoona. Kumvetsera msodzi sikutanthauza kusintha Malemba kuti amukomere. Koma nthawi yoyambira mapemphero sinalembedwe m'Malemba. Chiyankhulo cholalikira, kaya Chitonga, Chitumbuka kapena Chichewa cha alendo obwera kudzagula nsomba, ndi ife timasankha. Kuti kwaya iimbe ndi ng'oma kapena kiyibodi ndi nkhani yathu. Zambiri zomwe timazitcha chikhulupiriro ndi zizolowezi chabe, ndipo mpingo wofuna kudziwa njira yake uyenera kulimba mtima n'kusiyanitsa ziwirizi. Achinyamata nawonso adzifunse ngati mnzawo anachokadi chifukwa cha zoimbira, kapena chifukwa kutenti kuja kuli munthu yemwe amamudziwa dzina n'kumuimbira foni akadwala.

Dzuwa litapendeka tinagwirizana zinthu zitatu. Choyamba, tikonza malata odonthawo mvula isanayambe, chifukwa palibe nzeru yokambirana za tsogolo madzi akugwera pa Baibulo. Chachiwiri, ndalama zotsalazo zikhala kubanki kwa miyezi itatu osakhudzidwa. Chachitatu, m'miyezi imeneyi tiziyenda awiriawiri, wamkulu mmodzi ndi wachinyamata mmodzi, khomo ndi khomo, kumadooko, kumathandala ndi kwa onse omwe anasiya kubwera. A ku Joni tiwapeza pa WhatsApp. Mafunso ndi atatu okha: n'chiyani chimakusungani mumpingo uno, n'chiyani chinakupwetekani, ndipo mukuona kuti Mulungu akutiitanira ku ntchito yanji m'mudzi muno? Oyendawo saloledwa kulalikira kapena kudziteteza. Ntchito yawo ndi kumva ndi kulemba, kenako zonse zidzawerengedwa pamaso pa mpingo popanda kutchula mayina, tidzapemphera, ndipo pokhapo m'pamene sesheni idzagamule.

Si onse anakondwa. Bambo wina yemwe wathandiza kwambiri pa zosonkhazi ananyamuka msonkhano usanathe, akuti mitengo ya simenti ikukwera mwezi ndi mwezi ndipo ife tikutaya nthawi ndi mafunso. Mantha ake ndi enieni, aliyense wogula zinthu masiku ano akudziwa momwe kwacha yafookera. N'kutheka kuti pomatha miyezi itatuyi ndalama zathu zidzagula zochepa kuposa lero. N'kuthekanso kuti anthu adzanena kuti akufunadi tchalitchi chatsopano, ndipo zikadzatero ndidzakhala woyamba kusenza njerwa. Koma akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi bwino kutaya matumba angapo a simenti kusiyana ndi kumanga nyumba yokongola yoti muzidzakhala ife okalamba tokhatokha.

Ine andipatsa dooko lathu ndi nyumba zisanu ndi imodzi za kumtunda, ndipo ndiziyenda ndi mnyamata wina wa kwaya. Loweruka likubwerali tidzalawirira kunyanja maboti asanafike, kope lili m'manja. Asodzi ena anali ophunzira anga, ndipo ndikudziwa kuti adzadabwa kuona aphunzitsi akufunsa funso lomwe yankho lake alibe. Tikachoka kumeneko tidzapita kwa mtsikana uja. Ndapempha kuti nyumba imeneyo ikhale pa mndandanda wanga, ndipo ndisanamufunse mafunso atatu aja ndidzayamba ndi kupepesa.

Inu owerenga, kaya muli ku Usisya komwe alendo ambiri amafika pa Ilala, kaya ku Kande, ku Mpamba kapena m'tauni, Lamulungu likubwerali mukakhala pansi m'tchalitchi mwanu tayesani zomwe anatiuza gogo uja. Werengani omwe palibe, ndipo mudzifunse kuti ndani anapita kukawaona. Zomwe tikamve kudooko ndidzakuuzani patsamba lomwe lino.